Osula, Owotcherera ndi Makina Omvera Manambala

Chitsulo chilichonse chimene chikulira pa galaindala ku Kawale kapena ku Area 25 lero n'chobwera. Ngati sichinalowe pa thiraki kudzera pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Songwe, ndiye kuti chinabwera kalekale chili galimoto, bedi la m'chipatala kapena njanji, n'kudzafera konkuno. Dziko lathu lilibe fakitale yaikulu yoyenga chitsulo kuchokera ku miyala. Komatu zaka 150 zapitazo chidikha chomwechi, kuyambira Lilongwe mpaka Kasungu, chinkadziyengera chokha chitsulo, ndipo makasu a kuno ankafika kutali. Aliyense wofuna kumvetsa chifukwa chimene makina odula zinthu molamulidwa ndi kompyuta, aja a CNC, akulowera mumzinda muno mwakachetechete, podzera pa mageti ndi zikwangwani osati pa mafakitale, ayambire pa ng'anjo.

Ofukula zakale anapeza zizindikiro za kuyenga chitsulo ku Nkope, m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ndiponso pa phiri la Phopo ku Rumphi, za zaka zoposa 1,500 zapitazo. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la a Kalonga, Yusuf Juwayeyi anafukula zida zachitsulo pamodzi ndi mikanda ndi mapale a mbale zochokera kutsidya kwa nyanja zamchere. Mpwitikizi António Gamitto, podutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 pa ulendo wake wa kwa Kazembe, analemba za makasu amene anthu a kuno ankasula n'kumagulitsa. David Livingstone naye, atafika kwa Amang'anja mu 1859, anaona ng'anjo ndi osula m'midzi yambiri.

Ng'anjo ya ku Kasungu inali chinthu chodabwitsa. Inkawumbidwa ndi dothi la pachulu, yaitali kuposa munthu, ndipo sinkafuna mvukuto. M'munsi mwake ankazunguliza timipope tadothi, moto ukagwira mpweya unkadzikoka wokha kulowa pansi n'kutulukira pamwamba. Ankathira makala, kenako miyala ya chitsulo, kenako makala, mpaka kudzaza, n'kuusiya moto ukudya usana ndi usiku. Chitsulocho sichinkasungunuka n'kuyenderera ayi. Chinkatuluka chili chibuma chosakanikirana ndi zinyalala, ndipo chinkapitanso pa ng'anjo yaing'ono chisanafike pa chipala kuti nyundo ichifinye. Ntchitoyi inali ndi miyambo yake yolimba. Oyenga ankagona kutchire komweko, osayandikira akazi awo, ndipo pansi pa ng'anjo ankakwirirapo mankhwala. M'zaka za m'ma 1980 wofukula zakale David Killick anacheza ndi nkhalamba za ku Kasungu zimene zinagwirako ntchitoyi zili anyamata, ndipo mabwinja a ng'anjo zina akadalipo m'nkhalango yosungira nyama ya Kasungu.

Pofika m'ma 1930 ng'anjo zinali zitazima. Makasu a m'sitolo za Mandala ndi za amwenye anali otsika mtengo poyerekeza ndi thukuta lotentha makala mulu wonse. Anyamata oyenera kuphunzira anali atapita ku Halale ndi ku Joni kukasaka ndalama ya msonkho. Zitsulo zakutha za azungu nazo zinayamba kupezeka, zosavuta kusula kusiyana ndi chibuma cha m'ng'anjo. Oyengawo sanalembe kanthu. Mtundu wa lawi losonyeza kuti moto wakwana, kulemera kwa mwala wabwino m'dzanja, zambiri zotere zinapita kumanda ndi eni ake. Kuyenga kunafa koma kusula kunatsala, ndipo kuyambira pamenepo mmisiri wa chitsulo wa ku Malawi wakhala munthu wodzutsa zitsulo za eni zimene zafa. Ine ndimaona kuti mbiri yonse yotsatirayi yagona pa mfundo imeneyi.

Makina osendera chitsulo anabwera ndi sitima. Lathe, makina amene amazunguza chitsulo pamene mpeni ukuchisenda, inakhwima ku London cha m'ma 1800 m'manja mwa Henry Maudslay, yemwe anapanga yotha kudula mazinga a bawuti ofanana nthawi zonse. Mu 1841 Joseph Whitworth, amene anagwirapo ntchito kwa Maudslay, anakhazikitsa muyezo umodzi wa mazinga, ndipo mpaka lero makaniko wokalamba akakumana ndi bawuti yokana sipanala zonse pa injini yakale ya ku Britain amadziwa kuti wakumana ndi Whitworth. Sitima ya Ilala yoyamba inafika pa nyanja yathu mu 1875 itanyamulidwa zidutswazidutswa pamitu ya anthu kulambalala mathithi a Shire. Sitima ya Chauncy Maples inalumikizidwa kuno n'kuyamba kuyenda mu 1901, ndipo Ilala ya lero inamangidwa ku Scotland, n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, n'kulowa m'madzi mu 1951. Njanji ya Shire Highlands inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo malo okonzera sitima za pamtunda ku Limbe anasanduka sukulu yaikulu ya amisiri ngakhale sankatchedwa sukulu. Ku Khondowe, Robert Laws anatsegula Overtoun Institution mu 1894, kumene anyamata ankaphunzira ukalipentala, kusindikiza ndi ntchito za makina. Tsoka lake, Nyasaland inalibe ntchito zokwanira anthu oterewa, ndipo pamene ntchito inalipo, mpando wa kapitawo unali wa mzungu. Ambiri anakathera ku migodi ya Copperbelt, ku Katanga, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg.

Nthawi yonseyi Lilongwe anali kaboma kakang'ono ka fodya. Kalembera wa 1966 anapeza anthu osakwana 20,000. Zinthu zinatembenuka pamene boma la Kamuzu Banda linaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba. Bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968, ngongole yoyambira inachokera ku South Africa, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Okonza mapulani anaugawa mzindawu m'madera a manambala. Mafakitale akuluakulu anawaika ku Kanengo, kumene njanji yochokera ku Salima inafika mu 1979, chaka chomwe msika wa fodya unatsegulidwanso kumeneko. Anthu wamba anapatsidwa mapuloti m'malo ngati Kawale, Biwi, Chilinde, Area 23 ndi Area 25 kuti adzimangire okha. Amene sanapeze puloti anakadzipezera malo kwa mafumu ku Chinsapo, kapena kumbuyo kwa mafakitale ku Mgona.

Munthu wodzimangira yekha nyumba amafuna felemu la chitseko, felemu la windo, mahinjesi, mbaula, ndowa ndi chidebe chosambira. Okhoma zidebe ndiwo anali oyamba kukhazikika m'misika, ndi lumo lawo lodulira malata, nyundo ndi kachidutswa ka njanji kokhomerapo. Koma amisiri a makina enieni, aja odziwa lathe, anali ochepa ndipo anali pa ntchito za boma ndi za makampani: ku PVHO kumene ankakonza magalimoto ndi magiredala a boma, ku njanji, ku ADMARC, ndi m'makampani a fodya. Njira yolowera inali yodziwika. Mnyamata ankapita ku Lilongwe Technical College, imene inatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, kapena ku Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu kapena Livingstonia, n'kumasinthanitsa kalasi ndi ntchito, kenako n'kulemba mayeso a trade test kuyambira giredi 3 mpaka giredi 1. Chaka choyamba chinkathera pa vayisi ndi tupa, kupala kachitsulo mpaka kakhale kosalala mbali zonse. Ena anabwera nalo luso kuchokera ku migodi, makamaka Kamuzu ataletsa bungwe la Wenela kulemba anthu opita kumeneko mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo.

M'badwo umenewu unachita chinthu chimodzi chimene sititchula mokwanira. Mjigo wa Afridev, umene lero uli m'midzi ya maiko ambiri a mu Africa, unayambira kuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pa ntchito yokumba zitsime m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu, anakonza mutu wa mjigo wotchedwa Maldev, wopangidwira m'dziko muno, cholinga chili choti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha osadikira galimoto ya boma. Ntchito yowongolera mjigowo inadzapitirira ku Kenya, koma maganizo ake anali a kuno, ndipo anali maganizo a anthu ozolowera kukonza.

Chaka cha 1994 chinasintha ndale, chinasinthanso ntchito ya zitsulo. Kwacha inasiyidwa kuti iziyandama, katundu wakunja anasefukira, makampani a boma anayamba kugulitsidwa potsatira lamulo la 1996, ndipo amisiri ambiri anapatsidwa makalata. Ena anatenga ndalama zawo zopumira n'kugula lathe yakale pa okushoni. Ambiri anagula makina owotcherera, kapena kudzipangira okha pokulunga mawaya a kopa pa zitsulo za thiransifoma yakufa n'kuziika m'bokosi lamatabwa, makina ong'ung'udza amene akayatsidwa mababu a nyumba zoyandikana amaphethira. Mzinda unkakula mothamanga, kuchoka pa anthu 440,000 mu 1998 kufika pa 989,000 mu 2018. Umbava utakula aliyense anafuna zitsulo za m'mawindo, mpanda wa njerwa ndi geti. Maminibasi ndi magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ku Japan anadzaza misewu, ndipo Biwi Triangle inasanduka chipatala chawo. Mchesi anatchuka ndi akalipentala, msewu wa Malangalanga ndi masitolo a zipangizo. Kusukulu kunalibe malo okwanira, choncho ambiri anaphunzira njira yakale ija, kuyamba ndi kugwirira bwana chitsulo ndi kupenta, chaka chachiwiri n'kuloledwa kugwira rodi. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, linapeza ntchito yambiri yophunzitsa ikuchitikira kale pansi pa mitengo ndi m'mashedi a malata.

Zipangizo za amisiriwa n'zitsulo zakutha. Sipuling'i ya lole imasanduka nkhwangwa, chikwanje kapena chizulo chifukwa chitsulo chake chimalimba chikatenthedwa n'kuviikidwa. Shafiti ya ku mawilo a kumbuyo imasendedwa n'kukhala shafiti ya chigayo. Diramu la mafuta limatuluka mbaula zingapo. William Kamkwamba, amene anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo ku Wimbe cha m'ma 2002 pogwiritsa ntchito felemu la njinga ndi zotola pa dzala la zitsulo, dziko lonse linamudabwa, koma owotcherera a ku Chinsapo anangoona mwana wochita bwino zimene iwo amachita tsiku ndi tsiku. Ndipo n'zochititsa chidwi kuti anachokera ku Kasungu komwe kuja kwa ng'anjo.

Kuti muone luso la m'badwo umenewu, imani pakhomo pa shedi ina ya lathe m'nyengo yokolola. Mwini chigayo watsika minibasi kuchokera ku Mitundu, shafiti ali nayo m'thumba la feteleza. Pamene pamakhala beringi padyeka, shafiti ikugwedera. Mmisiri, bambo wa imvi wovala ovolosi yothimbirira, akuyendetsa chala pamalopo.

"Bambo, izi mwachedwa nazo. Beringiyi inayamba liti kulira?"

"Mwezi wathawu, achimwene. Koma anthu anali pamzere, ndikanatseka bwanji?"

Palibe chojambula, palibe pepala. Mmisiri akuwotcherera pamalo podyekapo kuti panenepe, akusinthasintha mbali kuti kutentha kusapinde shafiti, akuisiya izizire yokha, kenako akuimanga pa lathe. Shafiti ya mamilimita 50 ya chitsulo wamba, ndi mpeni wamba, imafuna kuzungulira pafupifupi ka 190 pa mphindi, ndipo iye sawerengera pa pepala, dzanja limangopita pa giya yake. Kusenda koyamba wapatsa mnyamata wake. Posakhalitsa tizitsulo tosendeka tayamba kutuluka tabuluu.

"Iwe, ukuwotcha mpeni. Tachepetsa, ndipo uzimvera kulira kwakeko."

Kumapeto akugwira yekha. Akusenda pang'ono, akuimitsa, akuyeza ndi maikuromita, akusendanso. Pamene pakhale beringi, kusiyana kwa 0.02 ya milimita n'kokwanira kuti beringi ilowe mokakamira bwino kapena izingozungulira pa shafiti n'kuidyanso. Dzuwa lisanapendeke mwini chigayo wakwera minibasi. Ntchito yonseyi inali m'mutu ndi m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo mawa kudzabwera chinthu china chosiyana kotheratu.

Kunja, nkhani inali itatenga njira ina kalekale. Nkhondo yachiwiri itatha, John Parsons wa ku Traverse City m'chigawo cha Michigan, pamodzi ndi injiniya wake Frank Stulen, ankapanga mapiko a helikopita ndipo anayamba kuwerengera malo odula pogwiritsa ntchito makina a makadi obowola. Asilikali a m'mlengalenga a America anaikapo ndalama mu 1949, ndipo mu 1952 sukulu ya MIT inaonetsa makina osema chitsulo oyendetsedwa ndi tepi ya mabowo. Douglas Ross ndi anzake anakonza chinenero cha APT chouzira kompyuta maonekedwe a chinthu, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 panakhazikika malamulo amene lero timati G-code. Ku Japan, Fanuc, imene inaphuka mu Fujitsu n'kudziimira payokha mu 1972, inapanga mabokosi olamulira makina odalirika moti inalanda msika. Mastercam inatuluka mu 1983 n'kubweretsa ntchitoyi pa kompyuta ya pa desiki, ndipo mu 1988 Haas inaonetsa makina a VF-1 pa mtengo wosafika madola 50,000. Chimene chinatsegulira osauka chitseko chinabwera mochedwa: LinuxCNC, pulogalamu yaulere yochokera ku ntchito ya bungwe la boma la America loona za miyezo, GRBL ya mu 2009 yoyenda pa kabolodi kotchipa ka Arduino, ndi makina a ku China amene mtengo wake munthu wa bizinesi yaing'ono angathe kuulota.

Makina onsewa anabadwira kupanga chinthu chimodzi kambirimbiri, kapena chinthu chovuta kwambiri cha ndege. Lilongwe sapanga ndege, ndipo kawirikawiri safuna zinthu 1,000 zofanana. N'chifukwa chake makina omvera kompyuta amene anthu a m'tauni muno anayamba kuwaona sanali osema injini. Anali kamakina kodula zomata za pa minibasi ndi pa mashopu, makina opeta mabaji a yunifolomu za sukulu, kenako a laser olemba pa zikho ndi pa mapulasitiki, a router osema zitseko za makabati ndi zilembo za zikwangwani, ndi a plasma odula maluwa pa chitsulo cha geti. M'masukulu a ukachenjede, Polytechnic, imene inasanduka MUBAS mu 2021, ndi MUST ya ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, anakhazikitsa zipinda zopangiramo zinthu mothandizana ndi Rice University ya ku America, ndipo ophunzira anayamba kuzolowera kujambula chinthu pa kompyuta n'kuchiona chikutuluka pa makina.

Pulogalamu ya CNC si chinthu chamatsenga. Ndi mizere ya malamulo afupiafupi. G21 imauza makina kuti manambala ali m'mamilimita, G20 kuti ali m'mainchesi, ndipo wosokoneza ziwirizi amaona mpeni ukuthamangira kunja kwa tebulo. G00 ndi kuthamanga osadula, G01 ndi kudula mowongoka pa liwiro limene wapereka, G02 ndi G03 ndi kudula mokhota, kumanja kapena kumanzere. M03 imayatsa mota wozunguza mpeni, M05 imauzimitsa, M30 imatseka pulogalamu. G54 imasunga malo amene mmisiri wasankha kuti ndiye poyambira pa chinthu chimene wamanga pa tebulo. Mnyamata wa Fomu 4 angaloweze zonsezi sabata imodzi. Chovuta n'chimene mdala wa lathe uja amadziwa osachitchula dzina, ndicho kuti mpeni uyambire pati, ulowe mozama bwanji, udzere kuti, umalizire pati.

Tengani geti. Chitsulo chimabwera chachikulu mamilimita 2,440 m'litali ndi 1,220 m'lifupi, ndipo mtengo wake suseketsa. Wokonza njira ya moto wa plasma ayenera kuganiza monga mayi wozira nyumba, amene amayambira kuchipinda n'kumalizira pakhomo kuti asaponde pamene wazira kale. Mabowo a m'kati amadulidwa poyamba, mzere wakunja pomaliza, chifukwa chidutswa chikangomasuka chimasuntha ndipo chilichonse chodulidwa pambuyo pake chimapotoka. Moto suyambira pa mzere weniweni, popeza pobowola umasiya chibowo chonyansa. Umayambira pa mbali yotayidwa n'kulowa mu mzere mokhota. Motowo umadya milimita imodzi kapena ziwiri, choncho uyenera kuyenda kunja kwa mzere pa chinthu chimene ukufuna, ndi m'kati mwa mzere pa bowo. Ukadula maluwa oyandikana motsatizana chitsulo chimatentha mbali imodzi n'kufutukuka, mphuno ya makina n'kugunda, ndiye wanzeru amadumphadumpha, kuno pang'ono, uko pang'ono. Pa zilembo ngati A, O ndi R pamafunika kusiya timilatho, apo ayi pakati pake pamagwa ndipo dzina la mwini nyumba limasanduka mabowo. Ndipo phindu lonse limagona pa kuyala zidutswa mothinana kuti chotsala chichepe.

Pa router ndi pa makina osema chitsulo nkhani yake ndi ya mpeni. Mpeni sufuna kubayidwa molunjika pansi, umafuna kutsetsereka kapena kulowa mozungulira. Kusema koyamba n'kochotsa nyama yambiri, kusiya pafupifupi theka la milimita kuti kusema komaliza kusalaze. Pali kudula kumene mano a mpeni amayenda motsutsana ndi kumene chinthu chikulowera, ndi kumene amayenda motsatana nako. Njira yachiwiriyi imasalaza bwino ndipo mpeni umakhalitsa, koma pa makina okalamba amene mazinga ake ali ndi mpata, mpeni umakoka tebulo n'kuluma mopitirira, mwina n'kuthyoka. Amisiri a makina amanja anaphunzitsidwa kuiopa njira imeneyi, ndipo anali ndi chifukwa. Mapulogalamu a masiku ano ali ndi njira ina imene mpeni umalowa mozama koma n'kumaluma pang'onopang'ono cham'mbali, ukuyenda mozungulirazungulira kuti katundu pa mano akhale wofanana nthawi zonse, ngakhale pa ngodya. Kwa eni mafakitale a ku Ulaya ubwino wake ndi liwiro. Kwa ife ubwino wake ndi woti makina ofooka amatha kugwira ntchito imene sakanaitha, ndipo mpeni wa carbide, umene ukathyoka wina ayenera kuuitanitsa ku Johannesburg kapena ku China n'kudikira masabata, umakhala moyo wautali.

Apa ndi pamene kuyeserera pa kompyuta kumalowera. Anthu ambiri amakhutira ndi chithunzi chimene pulogalamu yojambulira imaonetsa, mpeni ukuyenda bwinobwino pa sikirini. Koma chithunzicho chimaonetsa zimene pulogalamuyo ikuganiza, osati zimene makina adzawerenge. Pakati pa ziwirizi pali kapulogalamu kotembenuza, post-processor, kamene kamalemba G-code mogwirizana ndi bokosi la makina ako, kaya ndi Fanuc, Mach3, GRBL kapena kabokosi ka m'manja ka makina a ku China. Zolakwa zambiri zoswa mipeni zimabadwira pamenepo. Choncho funso loyamba posankha pulogalamu yoyeserera ndi lakuti kodi imawerenga fayilo yeniyeni imene ipite ku makina. Vericut, imene inayamba mu 1988, imachita zimenezi mpaka kuonetsa makina onse ndi zomangira zake, koma mtengo wake ndi wa makampani a ndege. CAMotics ndi yaulere, imawerenga G-code ya makina oyenda mbali zitatu ndipo imayenda pa laputopu ya kaunjika, ngakhale siidziwa kuti pa tebulo pali chomangira chimene mpeni ungagunde. Fusion ya Autodesk ndi yamphamvu ndipo achinyamata amaikonda, koma imafuna intaneti nthawi ndi nthawi ndiponso malipiro a ndalama zakunja, zimene munthu amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023 ayenera kuziganizira kawiri. FreeCAD siifuna zonsezo, kungoti imafuna kuleza mtima. Palinso mapulogalamu obedwa amene amayenda pa mafulashi, monga ArtCAM imene eni ake anasiya kuigulitsa mu 2018. Ine sindingaike bizinesi yanga pa chinthu choti chikafa palibe womufunsa, ndipo kawirikawiri chimabwera ndi mavairasi ake. Pulogalamu iliyonse imene munthu wasankha, mmisiri wosamala amayamba wayendetsa makina m'mwamba, mpeni usakukhudza kanthu, dzanja lili pa batani lofiira.

Ndiye pali magetsi. Makina a lathe akazimiridwa magetsi, mmisiri amabweza mpeni, n'kukhala pansi kudikira. A CNC otchipa akazimiridwa amaiwala pamene anali. Mu January 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa chaka chathunthu ndi miyezi ingapo amisiri a m'makwalala ankagwira ntchito usiku kapena m'bandakucha, kutsata nthawi imene magetsi abwera. Aliyense woyendetsa makina a kompyuta m'dziko lotere amaphunzira zinthu zimene mabuku a kunja sazilabadira: kuika timaswitchi tobwezera makina pa chiyambi chake, kulemba manambala a G54 m'kope, kudula pulogalamu yaitali m'zigawo kuti magetsi akapita asayambirenso pa mzere woyamba, ndi kuteteza bokosi lolamulira ku magetsi obwera mwamphamvu.

Kodi makinawa adzalanda ntchito ya mdala wa lathe uja? Pa shafiti imodzi yodyeka, ayi. Iye amakhala atamaliza wa kompyuta asanathe kujambula, popeza kasitomala wa kuno sabwera ndi chojambula, amabwera ndi chinthu chothyoka m'thumba. CNC imapambana pamene pali kubwereza: mahamala a chigayo mazanamazana, timapuleti tomangira mapanelo a sola, zitsulo za madesiki a sukulu, zitseko za makabati za nyumba zonse za pa mdadada. Ntchito zoterezi zikuchuluka pamene mzinda ukukula, ndipo makoleji a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015 akutulutsa owotcherera ambiri kuposa kale, onse olimbirana makasitomala omwewo, moti geti la maluwa odulidwa bwino ndi njira imodzi yosiyanirana ndi mnzako wa shedi yoyandikana.

Chimene chikuoneka tsopano ndi kugawana ntchito kumene kale kunalibe. Wowotcherera wa ku Chinsapo kapena ku Area 23 sagula makina a plasma, alibe ndalama yake ndiponso alibe magetsi okwanira. Kasitomala amamuonetsa chithunzi cha geti pa foni. Iye amayeza pakhomo ndi tepi, n'kutumiza miyezo pa WhatsApp kwa wachinyamata wodziwa kujambula pa laputopu. Fayilo imapita kwa mwini makina, amene amadula n'kulipiritsa. Chitsulo chodulidwacho chimakwera pikapu kubwerera ku shedi, kumene amachiwongola ndi nyundo ngati chapindika, n'kuchiwotcherera pa felemu la mapaipi, kupala ndi galaindala, kupaka penti wofiira woteteza dzimbiri, n'kukachimangirira pa zipilala za mpanda. Miyezo ikalakwika ndi masentimita awiri, mkangano wa amene alipire chitsulo chatsopano umadutsa pa mafoni atatu.